Lachitatu: Ezekieli ndi ndowe za mbuzi

Ndinalawirira kukasesa m'khola la mbuzi, poti mpiru wa kudimba ukufuna manyowa. Mawilibala awiri odzaza, msana uli gwa.

Nditadya nsima ndinakhala pakhonde kukonzekera phunziro la mawa la kumlaga. Tili pa Ezekieli 14, paja akulu a Israeli abwera kudzakhala pamaso pa mneneri mafano ali mumtima. Abusa anandibwereka buku lawo lomasulira mawu a Chiheberi, ndiye ndinati ndione kuti pamene ife timawerenga "mafano" panalembedwa chiyani. Panalembedwa gillulim. Mawuwa amapezeka ka 48 m'Chipangano Chakale, koyamba pa Levitiko 26:30, koma ka 39 ndi mwa Ezekieli yekha.

Tsinde lake ndi galal, kugubuduza. Ena amati ndiye kuti ndi zipika zongogubuduzidwa, zosayenda zokha. Koma akatswiri ambiri amawalumikiza ndi gelel, ndowe zobulungira, mawu omwe ali pa Ezekieli 4:12 pamene mneneri akuuzidwa zoti asonkhere moto wophikira mkate. Ndinayang'ana wilibala ili poteropo n'kuseka ndekha, mayi a kunyumba mpaka kusuzumira pazenera.

Aheberi mawu aulemu pang'ono anali nawo: pesel, chosema, massekah, chachitsulo chosungunula. Ngakhale elilim wa pa Masalimo 96:5 amangoti zachabechabe. Ezekieli sanakhutire nawo. Tangoganizani, munthuyu anali wansembe, wophunzitsidwa kusiyanitsa choyera ndi chodetsedwa, wotengedwa ukapolo kupita ku Babulo mu 597 BC, dziko limene milungu yake ankaikuta ndi golide n'kumaiyendetsa m'misewu pa zikondwerero. Iye n'kumaitchula timibulu ta ndowe, mobwerezabwereza. Kwa ine "mafano" athuwa ndi mawu ovala jekete. Mneneri uja amanyoza, ndipo kunyozako kunatsala m'Chiheberi.

Vuto ndi la mawa. Mlaga uli kunyumba kwa apongozi anga. Madzulo ndinaimbira abusa.

"Abusa, mawu amenewa ndikawatchule bwanji pamaso pa apongozi?"

Anaseka kaye. "Akulu a mpingo, kanenani kuti ndowe basi. Ndani kumeneko alibe khola? Koma za pa 4:12 zija mukangopereka vesi, akawerenge okha."

Magetsi anathima ndisanamalize kulemba, ndipo wilibala yachiwiri ija yagona panja osafika kudimba.