Malangizo ochizira odwala pa mliri tiziwaunika

Malangizo a madokotala pa nthawi ya mliri amalembedwa mothamanga, ndipo olembawo sindiwada, moyo wa anthu sudikira. Chimene chimandivuta n'chakuti zikalata zina sizinena kuti umboni wake ndi wolimba bwanji.

Kumayambiriro kwa COVID-19, mayiko ena analangiza kupereka mankhwala a hydroxychloroquine, pomwe ma steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, ankawakayikira chifukwa cha zomwe zinaoneka pa SARS ndi MERS, matenda apachibale ndi COVID-19 amene anabuka kale. Mu June 2020 kafukufuku wa RECOVERY ku UK anapeza kuti hydroxychloroquine sathandiza ogonekedwa m'chipatala. Dexamethasone, mankhwala akalekale otsika mtengo a gulu la ma steroid lomwelo, ndi amene anachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa atatu pakati pa opumira makina.

Choyezera ubwino wa malangizo otere chilipo, AGREE II, cha mafunso 23 monga awa: umboni anausaka bwanji, ndalama anapereka ndani, kodi chipatala chosowa zipangizo chingatsatire zolembedwazo? Namwino amene ali ndi wodwala wobanika pakati pausiku alibe nthawi yofufuza zonsezi, amangokhulupirira pepala lomwe lamatidwa pakhoma. Pepalalo lizisonyeza tsiku limene linakonzedwa komaliza, lizilekanitsanso zotsimikizika ndi zongoganizira za akatswiri.