Asayimenti ya mfuti ndi demokalase yandigoneka mochedwa

Sabata yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi asayimenti ya International Relations, funso lake n'lakuti kodi n'koyenera dziko kutumiza asilikali kudziko la eni ake kuti akakhazikitseko demokalase? Tsiku loyamba ndinangoti aaa izi n'zophweka, yankho ndi ayi basi, ndilembe za Iraq ndikagone.

Ndipo Iraq yo zinthu zake zimachita kudzilemba zokha. Malichi 2003 America ndi Britain analowa ati Saddam Hussein ali ndi zida zopha anthu miyandamiyanda nthawi imodzi, zidazo sanazipeze. Chomwe ine sindinkadziwa n'choti mu Meyi chaka chomwecho Paul Bremer, amene America inamuika kuti aziyendetsa dzikolo, anathetsa gulu lonse la asilikali a Iraq, tangoganizani anthu ankhaninkhani odziwa mfuti kungowauza kuti ntchito yatha kakhaleni kunyumba, mumayembekezera chani? Mavoti anachitikadi 2005 anthu n'kumaonetsa zala za inki, koma pofika 2014 gulu la zigawenga la ISIS linali litalanda mzinda wa Mosul. Libya chimodzimodzi, Resolution 1973 ya UN, chigamulo chololeza mayiko akunja kugwiritsa ntchito asilikali kumeneko, inkati tikateteze anthu wamba, South Africa ndi Nigeria anavomereza nawo, koma Okutobala 2011 Gaddafi anaphedwa ku Sirte dziko n'kugawikana maboma awiri.

Ndiye Lachitatu tili pa diskashoni ya gulupu kuseri kwa laibulale, ine ndikuyankhula modzimva zomwezi, mnzanga wina amene amangokhala phee anangoti, "Nanga Gambia aise?" Ndinangoti kukamwa yasa, moti ndinanamizira kusaka cholembera mu chikwama.

Usiku ndinawerenga mpaka bandulo kutha. Yahya Jammeh analamulira zaka 22, analuza chisankho cha pa 1 Disembala 2016 kwa Adama Barrow, poyamba anavomera kenako patatha sabata n'kutembenuka kuti sindichoka. Barrow analumbirira ku embase ya Gambia ku Dakar pa 19 Januwale 2017, asilikali a ECOWAS, bungwe la mayiko a kumadzulo kwa Africa, motsogozedwa ndi Senegal n'kuwoloka malire, pa 21 Jammeh anakwera ndege ulendo wa ku Equatorial Guinea. Mnzanga uja mawa lake anachita kundiseka kuti waonatu, mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Koma nditaganiza bwinobwino ndaona kuti nkhani ziwirizi si zofanana olo pang'ono. Ku Gambia anthu anali atavota kale, wopambana akudziwika, asilikali aja anangobwera kudzachotsa munthu amene wakakamira pampando, komanso anali oyandikana nawo oti zikavuta othawa nkhondo afikira kwawo komweko. Ku Iraq asilikali anayamba kufika, mavoti n'kumawasaka pambuyo. Mfundo yanga mu asayimentiyi yagona pamenepo.

Zinandikumbutsanso bambo anga, amakonda kukamba za referendamu ya zipani zambiri ya pa 14 Juni 1993 m'mene anadzukira mbandakucha kukaima pamzere kuti akavotere nyali osati tambala wakuda, ati mtima unkachita kugunda poopa kuti wina akuwaona. Kunja kunatithandiza inde, madona anaimitsa thandizo 1992 kalata ya mabishopu ija itatuluka, koma msilikali wachilendo sanaponde ku Lilongwe, olo a Payoniya anawalanda zida ndi asilikali athu omwe pa Operation Bwezani. Ndimadzifunsa kuti kukanabwera ndege za azungu kudzaphulitsa Sanjika, bambo angawo bwenzi akuikamba nkhaniyi monyadira chonchi?

Pomwe pandivutabe ndi Lesotho. Seputembala 1998 asilikali a South Africa ndi Botswana analowa m'dzina la SADC kukateteza boma losankhidwa, oyandikana nawo ndithu ngati ku Gambia, koma anthu anafa, mashopu a mu Maseru kuotchedwa ndi kubedwa. Ndiye mfundo yanga ija ikutsimphina pamenepa, ndinawafunsa a lekichala ngati ndingangoisiya Lesotho yo anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, "Chimene chikukusokonezanicho ndiye mulembe." Asayimenti ikufunika Lolemba 8 koloko, ndime ya Lesotho ndailemba katatu n'kufufuta, ndipo magetsi angozima kumene laputopu ili pa 31%.