Loweruka pa gombe la An Spidéal

Kalasi yathu ya Chiairishi lero sinachitikire m'chipinda. Aphunzitsi anati tikumane kunyanja, ndiye ndinakwera basi ya 424 kuchoka mumzinda wa Galway, kuno ku Ireland, mvula ikuwaza. Anachita kusankha ola limene madzi amakhala ataphwa, poti zambiri zimene ankafuna kutitchulira mayina zimamira madzi akadzaza.

Mawu oyambirira sanavute: farraige ndi nyanja, tonn ndi funde, trá ndi gombe la mchenga, cladach ndi la miyala. Tinachedwa pa taoide, kudzaza ndi kuphwa kwa madzi a m'nyanja. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, kumene nyanja ukaisiya madzulo umaipeza pomwepo m'mawa, imakwera ndi mvula basi. Kuno madzi amabwera ndi kubwerera kawiri pa tsiku, ndipo wolamula ndi mwezi. Ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene, madzi amadzaza kwambiri n'kuphweranso kutali zedi, imeneyo ndiye rabharta. Pakati pake pamakhala mallmhuir, pomwe kusiyana kwake kumachepa. Pa foni mawu awiriwa ndinkangowaloweza, koma lero ndaona mzere wa zinyalala pa khoma posonyeza pomwe madzi anafika, ife titaima pansi pake penipeni.

Odula feamainn, zomera za m'nyanja zoterera zija, amadikira rabharta kuti afike pamiyala yakutali. Aphunzitsi anatilozera zilumba za Aran kutsidyako, kumene kale anthu ankasanjika feamainn ndi mchenga pa thanthwe mpaka kupanga dothi lodzalapo kachewere. Fungo lake si labwino, ndinene zoona.

Padoko tinapeza bambo ena achikulire akukonza misampha ya gliomach, nkhanu zazikulu za mapanda awiri. Ndinawapatsa moni wa "Dia duit", iwo n'kundiyankha mothamanga moti ndinangotolapo mawu amodzi, ronnach, nsomba ija yamizeremizere pamsana. Ku Donegal, kumpoto kwa dziko lino, akuti nsomba yomweyo amaitcha murlas, choncho ngakhale eni ake sagwirizana.

Chimene chikundisautsabe ndi kusintha kwa chiyambi cha mawu. Boti ndi bád, koma boti langa ndi mo bhád, ndipo pa boti kuno amati ar an mbád, b uja osamvekanso. Pakamwa pa bambo aja ndinkangoona ngati ndi mawu atatu osiyana.

Ntchito ya kunyumba ndi kumvera zanyengo pa Raidió na Gaeltachta, wayilesi imene yakhala ikuulutsa mawu kuchokera ku Casla kuyambira 1972, n'kulemba mawu aliwonse okhudza mphepo ndi nyanja amene ndingatole. Nsapato zanga zikadali zonyowa, ndaziika pafupi ndi hita.