Zikomo a ku Senga Bay, ng'oma yaliranso pamchenga

Loweruka lapitali, dzuwa litangolowa kuseri kwa phiri, ndinagwira chinkuzamawu n'kufunsa kuti, "Mwaswera bwanji a ku Senga Bay?" Mawu anatuluka bwinobwino m'masipika onse awiri, khamu linayankha ndi nthungululu, ine pakhosi panangoti tsekeke. Amene munali kutsogolo munaona kuti nyimbo yoyamba anaiyambitsa ndi mnzanga wa gitala, pomwe masiku onse ndimayambitsa ndine. Ndinali ndikupukuta misozi ndi malaya. Usiku umenewo ndinalephera kukuthokozani mokwanira, komanso ambiri amene munatigwira mkono simunalipo. Ena muli ku Lilongwe, ena ku Joni, ena munali panyanja. N'chifukwa chake ndati ndilembe pano.

Kwa amene simukudziwa chimene chinatigwera, ife ndi bandi yaing'ono ya anthu 6, tonse obadwira konkuno kwa Maganga. Zida zathu tinkasunga m'kachipinda kuseri kwa bala ina ya m'mphepete mwa nyanja, pomwe tinkaimba kumapeto kwa sabata. Mu 2024 nyanja inakwera koopsa. Mvula inagwa yambiri kumtunda, mitsinje yonse ikuthira m'nyanja, pomwe khomo lotulukira madzi ndi limodzi lokha, mtsinje wa Shire. Pofika mu Epulo madzi anali atameza mchenga m'malo ambiri ku Mangochi, ku Nkhotakota ndi kuno ku Salima. Pomwe tinkaimika siteji pankasambira ana. Tinkaona madzi akusendera tsiku ndi tsiku, tinaunjika matumba a mchenga pakhomo, zida tinazikweza pamabenchi, n'kumati basi tateteza.

Ndiye usiku wina mu Meyi mwera unaomba. Amene munakulira kunyanja mukuudziwa mwera, mmene umasandutsira nyanja yofatsa kukhala chilombo. Mafunde anamenya khoma la zidina mpaka linagonja. Mlonda anandiimbira foni tambala woyamba asanalire, ndinathamanga wopanda nsapato. Ndinapeza sipika imodzi ikuyandama chafufumimba ngati bwato logubuduzika, mikisa itadzaza mchenga, kiyibodi ikutuluka madzi m'makiyi. Ng'oma yathu yaikulu, imene anatisemera malemu amalume anga, tinakaitola m'bango chikopa chitalefuka ngati nsanza. Tinakhala pansi tonse 6 pamchenga wonyowa, palibe amene analankhula. Zinali zida za zaka zambiri, zogula chimodzichimodzi ndi ndalama zoimbira m'maukwati ndi m'zinkhoswe. Kugula zatsopano sikukanatheka, pakuti kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinali chitakwera mtengo moti tinkangochiona pagalasi la sitolo.

Miyezi yotsatira inali yowawa. Wa ng'oma anapita kukakoka nawo makoka, wa kiyibodi anayamba kabaza, ine ndinkasoka maukonde pansi pa mtengo wa mango. Ntchito zonsezi n'zaulemu ndipo zinatidyetsa, koma Loweruka likafika, nthawi imene tinkayesa zida, m'mimba munkangoti myuu. Chimene chinandipweteka koposa ndi tsiku la 30 Juni chaka chomwecho, pamene tinamva kuti a Lucius Banda atisiya. Soja ameneyu ndiye anayambitsa Sand Music Festival mu 2010, ndipo chikondwererochi chachitika kambirimbiri pakhomo pathu pomwe pano, ku Livingstonia Beach. Ine ndinaphunzira kukulunga kebulo ndi kuimika sipika pogwira ganyu yonyamula katundu kumeneko ndili mnyamata. Ndinkafunitsitsa kuti tiwalire mwa chikhalidwe cha oimba, ndi nyimbo, pamchenga umene iwo anaukonda. Tinalibe choimbira. Tinangosonkhana pakhonde ndi gitala imodzi ya bokosi n'kuimba chapansipansi.

Amene anayamba kutidzutsa ndi amayi ena ogulitsa kanyenya ndi chipisi pafupi ndi pomwe tinkaimba. Sinditchula dzina lawo chifukwa anandiletsa, koma akawerenga adzizindikira. Anandipeza ndikusoka ukonde, anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa ndalama zopindapinda zonunkhira utsi. Ndinakana. Iwo anati, "Mwanawe, landira. Chilekereni kuimba, ine chiwaya changa chimazima 7 koloko. Mukamaimba ndimafika pakati pausiku ndikukazinga. Ndalama iyi ndikuthandiza mphika wanga womwe." Mawu amenewo ananditsegula maso. Ndinali ndikulira zida zanga ngati maliro a m'nyumba mwathu mokha, osaona kuti akabaza, ogulitsa zitumbuwa, atsikana ogulitsa thobwa ndi anyamata owotcha nyama nawonso mafunde aja anawakokolola. Amayi, zikomo. Ndalama yanu ndi imene inalipira kabaza wonyamula sipika yoyamba kupita nayo kwa mmisiri.

Mmisiri ameneyu ali ku Kamuzu Road, m'kashopu kodzaza mawailesi akale mpaka kudenga. Atatsegula sipika anapukusa mutu, ine ndinati zatha. Koma anangoti, "Maginito sanafe. Bola maginito." Anachotsa pepala lonse lovunda, anapala dzimbiri pang'onopang'ono ndi kansalu konyika m'mafuta, kenaka anayamba kukulunga koyilo yatsopano ndi kawaya kopyapyala ngati tsitsi, akuwerenga mizere chamumtima, milomo ikugwedera. Ndinakhala pambali pake masiku atatu. Magetsi akazima ankatulutsa tebulo panja kuti aone ndi dzuwa. Mikisa anaitsuka ndi kaburashi ka m'mano, mabatani onse amodziamodzi, n'kundiuza kuti ndikaikwirire m'thumba la mpunga sabata yathunthu kuti chinyontho chichoke. Mpungawo anatibwereka ndi alamu anga a ku Lifuwu. Mwa matchanelo 12 a mikisayo, anadzuka 8, ndipo 8 amenewo ndi amene munawamva Loweruka. Nditafunsa za malipiro, bambowa anangolandira ya zipangizo, ya manja anakana. Anati tidzawaimbire pa ukwati wa mwana wawo. Bambo, tsiku limenelo tidzafika m'mawa kwambiri, ndipo sitidzachoka mpaka mkwatibwi atatopa kuvina.

Ng'oma anaiukitsa ndi agogo ena a kumtunda amene amaimbira chimtali. Anayang'ana thunthu, analigogoda ndi chala, n'kunena kuti mtengowo ukadali wamoyo. Chikopa cha ng'ombe anachipeza okha, anachinyika, anachikoka ndi zikhomo, ndipo atamaliza anaiwamba pamoto wa mapesi akuiyesa ndi chikhatho mpaka inalankhula. Nditamva kulira kwake ndinakumbuka amalume, chifukwa mawu ake ndi omwe aja. Agogo anatinso tisamadalire za magetsi zokha, ndipo anatilangiza mnyamata amene anatikhomera babatoni, bokosi lalikulu lokuta ndi chikopa, mtengo wautali ndi chingwe chimodzi. Poyamba tinkaiyesa yongogwirizira podikira gitala ya besi. Lero sitingaisiye. Ikamalira pamchenga imamveka m'chifuwa, ndipo sifuna batire.

Tsopano inu asodzi, abale anga a ku Nguwo ndi madoko oyandikana nawo. Anthu amakunenani zambiri, koma ine ndaona mtima wanu. Munasonkherana pa bwato lililonse, tsiku lina ndowa ya usipa, tsiku lina ya utaka, n'kugulitsa ndalama yake kubwera nayo kwa ife m'jumbo. Chaka chinali chovuta kwa inunso, mathandala ena anamira, mafuta a injini ankasowa, koma simunatitaye. Ndinunso amene munatipatsa nzeru imene yasintha kaimbidwe kathu konse. Siginala wina, msodzi woyang'anira nyali zokopera nsomba, anandifunsa kuti, "Achimwene, bwanji mumaika dansi tsiku la mdima, ife tili pamadzi?" Ndinali ndisanaganizepo. Usipa umagwidwa ndi nyali usiku wa mdima, pamene umathamangira kuwala n'kulowa mu ukonde wa chilimira. Mwezi ukawala kwambiri nyali sizikoka nsomba, mabwato ambiri amagona kumtunda, asodzi ali pakhomo, ndalama ili m'thumba, ndipo mabatire a nyali ali chikhalire. Ndiye munati tiziimba mwezi ukakhala wathunthu, inu muzitibwereka mabatire ndi mababu anu. Loweruka lapitali siteji yonse inawala ndi nyali za usipa, zomangirira pansungwi, mwezi ukutuluka m'madzi cha ku chilumba cha Namalenje. Pa zaka zonse zimene ndaimba sindinaonepo siteji yokongola chotero.

Ndithokozenso akwaya a kutchalitchi kwathu amene mwatibwereka kiyibodi yanu pakati pa sabata, a mfumu amene mwatipatsa malo okwera bwino pomwe madzi sanafikepo, ndi ashehe amene tinakhala nawo pansi n'kugwirizana za nthawi. Akabaza munanyamula zida ulere kuchoka ku boma, mtunda wonse uja. Inu a ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Joni, ku Cape Town ndi ku UK amene munatumiza kangachepe pafoni, ena osandidziwa n'komwe koma mutangoona kanema wa sipika ikuyandama, Mulungu abwezere pomwe mwachotsa. Oimba anzathu a m'boma lino, amene ena amati ndi opikisana nafe, munatipatsa zingwe za gitala, maikolofoni awiri ndi sitandi. Mayi a kunyumba kwanga, munapirira miyezi imene ndinkabwera chimanjamanja ndiponso wosalankhula. Zanu ndikakuuzani kunyumba.

Pali chimene ndakhala ndikuchisinkha miyezi yonseyi, ndipo ndichinene poyera. Nyanja yathu imadziwika ndi zikondwerero zikuluzikulu. Lake of Stars inayambira ku Chintheche mu 2004, inabwerapo kuno ku Salima, ndipo mu 2024 inali ku Nkhotakota. Sand Music Festival imadzaza msewu wochokera ku Lilongwe ndi magalimoto. Ndimazilemekeza, zimabweretsa ndalama ndipo zinatiphunzitsa zambiri. Koma chikondwerero ndi cha masiku ochepa pa chaka, ndipo mtengo wa pakhomo msodzi wamba kapena mayi wa kanyenya saukwanitsa. Mahema akapasulidwa, magalimoto atabwerera kumtunda, tauni ino imafunabe nyimbo. Amaimba masiku otsalawo ndi mabandi ang'onoang'ono a m'mabala, makwaya, a beni, amayi a chimtali, anyamata a manganje, ndi ana amene akujambula nyimbo zawo m'tizipinda ta lendi ndi kompyuta imodzi. Ndikupempha eni malo ogona alendo ndi okonza zikondwerero kuti poitana oimba a kutali muzikumbukanso a pakhomo, ndipo muziwaika nthawi imene anthu alipo, osati masana dzuwa lili paliwombo mipando ili mbee. Ndipo mukawaitana muziwalipira. Mbale ya nsima ndi chambo ndi yabwino, koma sigula zingwe za gitala.

Za kutsogoloku zili motere. Tiziimba mwezi uliwonse, Loweruka loyandikana ndi tsiku limene mwezi uli wathunthu, pamalo atsopano aja a mfumu anatipatsa. Simufunika kalendala, mukangoona mwezi ukukula dziwani kuti tikuyesa zida. Tiziyamba 3 koloko masana, ndipo maola awiri oyamba ndi a achinyamata: aliyense amene ali ndi nyimbo yake, ndakatulo kapena gule, abwere adzalembetse pomwepo, zida tidzamubwereka ndipo tidzamuimbira kumbuyo ngati akufuna. Loweruka lapitali kamtsikana kena ka sekondale kanaimba nyimbo yake yake ya Chiyao, anthu anaponya ndalama mpaka kanachita manyazi. Mwezi wamawa kabweranso, ndipo ndikufuna mudzakamve. Mwazini akaitana tizizimitsa zida mpaka mapemphero atatha, monga tinapanganirana. Ana azibwerera kunyumba kukamada, ndipo ife tizitseka 10 koloko kuti odwala ndi okalamba agone.

Pakhomo palibe mtengo woikika. Padzakhala lichero, muponyemo chimene mwakwanitsa, ndipo gawo lina la ndalamazo tizisunga kuti tigule kiyibodi yathu, ya akwaya ibwerere kwawo. Tikukonzanso zokaimba ku Chipoka ndi ku Lifuwu mvula isanayambe, chifukwa kumenekonso kunachokera thandizo, ndipo masiku ake ndidzalengeza pano tikamaliza kukambirana ndi eni malo. Mu Disembala, abale a kutauni mukabwera kutchuthi, tidzaimba kawiri. Mvula ikadzalimba tidzasamukira pansi pa denga.

Ndikupempheni ziwiri. Mabotolo agalasi musabwere nawo pamchenga, ana amavina opanda nsapato. Ndipo amene walawako chakumwa asalowe m'madzi usiku, ngakhale nyanja itaoneka yogona. Taika kale maliro okwanira a anthu amene anabwera kudzasangalala.

Pomaliza, agogo aja a ng'oma anatiimbira nyimbo ziwiri zimene makolo ankaimba popalasa bwato ndi pokoka khoka, ndipo tikuziphunzira kuti tidzaziimbe mwezi wamawa ndi babatoni. Akuti zinalipo zambiri koma ena amene ankazidziwa anapita. Ngati kwanu kuli agogo amene akuzikumbukira, chonde tiuzeni, tidzabwera tokha kudzakhala pamphasa n'kumvetsera. Timayesa nyimbo Lachitatu lililonse madzulo pansi pa mtengo wa mango uja ndinkasokerapo maukonde, ndipo zida tsopano zimagona kumtunda, kunyumba kwa wa ng'oma, pamwamba pa thandala.