Munthu wosanenerera mtengo anatsala pang'ono kundidyera 100 pin

Ine ndimagulitsa kaunjika pa Kamuzu Road ku Salima, chaka chino ndi chachisanu, koma chimene chinafuna kundigwetsa si belo ayi, ndi filiji yakale ya mayi anga. Iwo anagula ina nde akuti mwanawe gulitsa yakaleyi tiwonjezere pa feteleza. Ndinaijambula bwinobwino nkuiponya pa status ya WhatsApp ndi pa gulu lina la malonda la pa Facebook, mtengo K180,000, nambala yanga pansi.

Sipanathe ola foni inalira. Abambo aulemu kwabasi, mawu ofatsa ngati mkulu wa mpingo, akuti mayi ndaiona filiji ija, ndili ku Dwangwa kuno ndikuifunira ku golosale yanga, chonde musapatsenso wina. Sanafunse ngati imaziziritsa, sanafunse yakhala zaka zingati, ndipo apa nde pomwe ndikanadzidzimuka, sananenerere olo pang'ono. Ine amene tsiku ndi tsiku ndimakokana ndi anthu pa bulawuzi ya K2,000, munthu mpaka kunamizira kuchoka kuti umuitanenso, lero wina angovomera 180 osatsokomola nkomwe? Koma ndalama imatseka maso anthuni, ndinangoti Mulungu wandiyankha.

Akuti nditumiza pa Airtel Money, mnyamata wanga wakwera kale minibasi pa Nkhotakota adzainyamula. Posakhalitsa meseji tii, mwalandira K280,000. Ndisanamalize nkuwerenga komwe foni yaliranso, mayi pepani chala chaphonya, ndatumiza 280 m'malo mwa 180, ndibwezereni 100 yo msanga ndi ya mankhwala a mwana ali kuchipatala, koma mutumize pa nambala ina iyi yanga ija batire latha. Ndipotu mu akaunti munali kale K120,000 yanga yokaodera belo ku Lilongwe, kutanthauza kuti ndikanatumiza ikanapita bwinobwino ine osadziwa kuti ndikupereka mpamba wanga omwe.

Chinandipulumutsa ndi umbuli wanga basi kkkk, ndimaopa kulakwitsa manambala nde ndinapita kwa mtsikana wa pa ajenti pafupi ndi benchi langa kuti anditumizire. Iye anangoyang'ana foniyo nkufunsa, amayi balansi mwaona? Tinadina *211#, ndinaika pini yanga ndekha, balansi ili pomwe inali m'mawa, olo tambala sinawonjezereke. Kenako anandionetsa pamwamba pa meseji ija, inachokera pa nambala wamba ya 099 ngati yanga yomweyi, pomwe mameseji enieni amabwera ndi dzina la kampani ndipo amakhala pamzere umodzi ndi akale onse aja. Munthuyo anangokopera meseji yeniyeni nkusintha ziwerengero, ndipo ine ndi maso anga awiri ndinangoona 280 yokhayo.

Nditawauza kuti bambo ndalama sinalowe, anati ndi netiweki imachedwa, nkunditumizira screenshot pa WhatsApp. Ndinati ndidikira. Ulemu uja unathera pomwepo, mayi inu ndinu akuba eti, mwana wanga akamwalira magazi ake ali pa inu, ndikusumirani kupolisi. Kunena zoona mtima unagunda, chifukwa kutchedwa wakuba pamsika pomwe aliyense amakudziwa si zocheza, ndipo ndikuona kuti ambiri amatumizira pamenepo, manyazi ndi phuma, osati kupusa. Patapita kanthawi anaimbanso wina akuti ndine wa customer care, pali ndalama yalowa molakwika kwa inu nde mutiuze pini tikonze. Mtsikana uja anangoti dulani, akampani safunsa pini, ndipo ngati munthu watumizadi molakwika aimbire yekha kukampani amubwezere konko, si ntchito yanu. Madzulo manambala onse atatu anali osapezeka, mnyamata wa pa minibasi uja mpaka lero sanafike pa Salima.

Paja mu 2018 tinafola mizere kulembetsa ma SIM ndi chiphaso cha unzika tikuti zoterezi zitha, koma anthuwa amayendera ziphaso za eni, nde dzina lotuluka pa foni musamalidalire kwambiri. Ine pano katundu sachoka ndisanaone balansi ndekha, kaya ndi Airtel Money, kaya Mpamba pa *444#, kaya ku banki. Makasitomala anga a ku Chipoka ndi ku Benga amene ndimawatumizira nsapato kudzera kwa akondakitala anayamba kudandaula kuti asisi mwayamba kutikayikira, ndimangoti pepani ndinalumidwapo, dikirani mphindi ziwiri zokha. Ena amaseka, mmodzi anakwiya nkusiya kugula, zake zimenezo.

Filiji ija inadzapita patatha masabata awiri, anagula aphunzitsi ena a ku Kaphatenga. Anabwera okha, anaiyatsa, nkuikamo botolo la madzi tikucheza pakhonde mpaka linazizira, kenako ananenerera mpaka ine thukuta, tinathera pa 150. Anawerenga ndalama pamanja kawiri, ine kamodzi, nkuikweza pa kapikapu ka mlamu wawo.