Mpweya wathu m'manda a mafumu ku Luxor

Anthu akale a ku Egypt ankaika mafumu awo kutsidya la kumadzulo kwa mtsinje wa Nile, kolowera dzuwa, ndiye ukafika ku Luxor n'kufuna kuona manda, uyenera kuwoloka. Ine ndinawoloka pa boti m'mamawa pothawa dzuwa, koma pofika ku Chigwa cha Mafumu ndinapeza mabasi atandandalika kale. Mabasiwo safika kumanda kwenikweniko. Amaima chapatali, anthu n'kukwera timagalimoto tamagetsi kapena kuyenda wapansi pakati pa mapiri otuwa mbuu, opanda ngakhale kaudzu.

M'chigwamo muli manda oposa 60, koma tikiti wamba imakulola kulowa atatu okha, ndipo si onse amakhala otsegula. Oyang'anira malowa amatsegula ena n'kutseka ena mosinthanasinthana. Wotiperekeza anatiimika pamthunzi, n'kutifotokozera zonse ali panja, zithunzi zili m'manja. Mkati saloledwa kukamba nkhani, chifukwa gulu likaima kumvetsera limachedwa kutuluka, ndipo likachedwa limapumira m'mandamo nthawi yaitali.

Nkhani ya kupumayi imamveka ngati nthabwala mpaka utatsikira pansi. M'manda a Ramesses VI mumatsetsereka ndi kanjira kakatali, denga lili ndi zojambula zachikasu, ndipo kumapeto kuli mulungu wamkazi Nut atatambalala denga lonse, akumeza dzuwa madzulo n'kulibereka m'mawa. Kukongola kwake n'kosasimbika. Koma panja mpweya unali wouma gwa, pamene mkatimo munali chinyezi ndi fungo la thukuta, malaya kumata pamsana. Chinyezi chimenecho tinabwera nacho ndife. Miyala ya laimu imene mandawa anagobedwamo ili ndi mchere. Chinyontho chikachuluka mcherewo umasungunuka, kukauma umaundananso, ndipo poundanapo umakankha pulasitala ndi utoto mpaka kumatuka. Fumbi lochokera kunsapato ndi kuzovala nalo limakakamira pakhoma lonyowalo, ndipo kulichotsa popanda kuchotsa utoto si ntchito yamasewera.

M'manda omwewo, ukayang'anitsitsa, umaona timalemba tachigiriki tozokotedwa pamwamba pa zojambula. Tilipo pafupifupi 1,000, ndipo analemba ndi alendo a m'nthawi ya Agiriki ndi Aroma, ena kungoti wakutiwakuti anafika pano. Khalidwe lolemba dzina pakhoma la eni ake silinayambe dzulo ayi. Choseketsa n'chakuti lero timalembato timatetezedwa, akatswiri amatiwerenga mosamala, pamene iwe ukayerekeza kutero mlonda akugwira dzanja.

Akatswiri nawonso mbiri yawo si yoyera. Giovanni Belzoni atapeza manda a Seti I mu 1817, anamata phula pamakoma kuti atenge maonekedwe a zosemazo, ndipo phulalo pochoka linkanyamula utoto. Patapita zaka zochepa Jean-François Champollion, yemwe uja anatulukira kawerengedwe ka zilembo za ku Egypt, anadula chigawo cha khoma la manda omwewo, ndipo chili kunyumba yosungiramo zinthu zakale ya Louvre mumzinda wa Paris mpaka lero. Iwo ankawononga ndi macheka, kamodzi n'kamodzi. Ife sitikhudza kanthu, timalipira, timamvera mlonda, komabe tikuwononga chifukwa cha kuchuluka kwathu.

Manda a Tutankhamun ali ndi tikiti yakeyake. Ndi aang'ono kuposa mbiri yake: masitepe, kanjira, kenako kachipinda momwe mtembo wa mfumu yachinyamatayo wagona m'bokosi lagalasi, nkhope ndi mapazi zili poyera. Chipinda chimodzi chokha ndicho chili ndi zojambula, ndipo umachiona utaima pathandala lamatabwa, wakumbuyo akukupumira m'khosi. Pakhomapo pali timadontho tofiirira ponseponse. Kwa nthawi yaitali anthu ankaopa kuti ndi nkhungu yobwera ndi alendo, koma bungwe la Getty Conservation Institute, lomwe linagwira ntchito m'mandamu ndi boma la Egypt kuyambira 2009 mpaka 2019, linayerekeza makomawo ndi zithunzi zojambulidwa Howard Carter atapeza mandawa mu 1922. Madonthowo sanakule. Ndi tizilombo tomwe tinafa kalekale, ndipo anawasiya momwemo popeza analowerera mu utoto. Zimene anapeza kuti alendo akuwonongadi ndi zija za fumbi, chinyezi ndi kukalika kwa khoma pomwe anthu ankafikira, n'chifukwa chake anaika makina olowetsa mpweya wosefedwa ndi thandala latsopano.

Pobwerera ndinatsika panyumba yomwe Carter ankakhala, pakhomo pa msewu wolowera m'chigwa. Pambali pake pali manda ofanizira a Tutankhamun, omwe kampani ya ku Madrid yotchedwa Factum Arte inapanga itajambula makoma enieni ndi makina oyeza kabowo ndi kamng'alu kalikonse. Anatsegulidwa mu 2014. Ndinalowa n'kupeza muli zii, mlonda yekha. Ndinayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda khoma, ndinaona pomwe burashi ya mmisiri inadutsa, ndinawerenga anyani 12 a kukhoma la kumadzulo mosathamangitsidwa ndi munthu. Kunena zoona, zojambulazo ndinaziona bwino kuno kusiyana ndi kumanda enieni.

Komatu mtima wa munthu ndi wovuta. Wayenda ulendo wautali, walipira ndege, ndiye umuuze kuti akaone chofanizira pamene chenicheni chili potero, chotsegula? Sangalole. Ku France zinatheka chifukwa phanga la Lascaux, lomwe lili ndi zojambula za anthu akalekale, analitsekeratu mu 1963, litangokhala lotsegula zaka 15, ndere zitayamba kumera pamakoma, ndipo chofanizira chitatsegulidwa mu 1983 panalibenso kusankha. Ku Luxor zonse ziwiri n'zotsegula, ndiye chofaniziracho sichichepetsa mzere wa kuchigwa. Sindikuona boma la Egypt likutseka manda amene amakoka alendo chonchi, poti ndalama yapakhomoyo ndi imene imathandiza kulipira alonda ndi okonza makoma. Woyendetsa boti, wangolo ya hatchi, wogulitsa zosema, onse amadya pomwepo.

Manda a Mfumukazi Nefertari, m'Chigwa cha Mafumukazi, ine sindinalowe. Mchere unawawononga kwambiri moti anawakonza kuyambira 1986 mpaka 1992, ndipo atawatsegulanso kwa anthu wamba mu 2016 anaika malire a mphindi 10 ndi tikiti yodula zedi. Malire a nthawiwo ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Za mtengozo ndimakayika, chifukwa khoma silisiyanitsa mpweya wa wolemera ndi wa wosauka. Ngati cholinga n'kuchepetsa anthu, kuika chiwerengero cha olowa patsiku n'kulembetsa pasadakhale kungachite chimodzimodzi popanda kutsekera mphunzitsi kapena mwana wa sukulu kunja.

Pali ena amene analipira koposa tonsefe. Paphiri la Qurna, msewu ukudutsa m'munsi, umaona malo osalazidwa ndi zidutswa za makoma adothi. Pamenepo panali mudzi, nyumba zomangidwa pamwamba pa manda a nduna zakale. Boma linayesa kuwasamutsa m'zaka za m'ma 1940, katswiri wa zomangamanga Hassan Fathy n'kuwamangira mudzi watsopano, koma ambiri anakana kuchoka. Mu 2006 ndi 2007 anasamutsidwa ndithu, nyumba zambiri n'kugumulidwa, ponena kuti madzi otayidwa m'nyumbazo akuwononga manda ndiponso ena ankafukula mobisa. Zifukwazo zinali zomveka. Koma mabanja omwe ankapezera chakudya pa alendo odutsa pakhomo pawo anapezeka ali kutali ndi njira ya alendowo, pamene mabasi athu akupitirira kudutsa pansi pa phirilo m'mawa uliwonse.