Agogo aNaphiri ndi matumba awo a gaga

Agogo athu, amayi awo a mayi anga, anatisiya mwezi watha kumudzi kwathu kuseri kwa Lunzu. Pa chiphaso cha unzika chomwe anajambulitsa mu 2017 panalembedwa kuti anabadwa mu 1935, koma chaka chimenecho anachita kungoyerekeza a kalembera atawayang'ana kumaso. Eni akewo ukawafunsa msinkhu ankangoti, "Njala ya fote naini inandipeza ndisanavinidwe," basi kwatha.

Njala ya 1949 imeneyo ndi imene inawaumba. Ankasimba kuti mvula inadula chimanga chili m'mawondo, dzuwa n'kuchiwamba chonse. Amuna ambiri a chikamwini ananyamuka kukasuma, ena ku Ntcheu, ena kwa Apwitikizi, ndipo si onse anabwerera. Bambo awo anali mmodzi wa osabwererawo. Sanamwalire ayi, anangokakwatira kwina komwe kunali chakudya. Agogo anatsala ndi mayi awo ndi ang'ono awo, akukumba mpama kuthengo, kuuphika n'kutaya madzi kangapo kuti ululu uchoke, tsiku lina kukaima pamzere wa chakudya chomwe boma la atsamunda linkagawa. Nkhaniyi sankaikamba ndi misozi. Ankaikamba uku akusola nthanga za maungu, n'kumaliza ndi kukufunsa ngati mbuzi wazitsekera.

Chifukwa chake m'nyumba mwawo gaga sankatayidwa. Tikabwera kuchigayo ndi mphale, iwo maso awo anali pa gagayo: ayanike pamkeka mpaka aume gwa, athire m'thumba, asoke kukamwa ndi chingwe cha khonje, aunjike pamiyala m'chipinda chawo kuti chiswe chisafike. Ogula gaga wa nkhumba ndi wa kachasu ankabwerera pakhomo. M'chipindamo munkanunkhira mfutso wa khwanya, makaka ndi nandolo wothira phulusa. Mu February 2002, anthu m'mudzi muno akugona pamzere ku ADMARC, ena akudya zitsa za nthochi, agogo anatulutsa matumba aja mmodzimmodzi. Gaga wopera pamodzi ndi makaka amatulutsa nsima yakuda, yokhakhala kukhosi, koma pa mbumba yathu palibe mwana amene anatupa miyendo chaka chimenecho. Ankagawa okha ndi chipande, ndipo mkamwini ankalandira potsiriza. Pamenepo sindikuwaikira kumbuyo, ndikungonena zomwe zinkachitika.

Amuna awo, agogo athu aamuna, anawadziwa pang'ono pang'ono, chifukwa mkuluyo zaka zambiri anali ku Joni pa Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodi. Ankakwera ndege pa Chileka, kubwera pakatha kontirakiti ndi bulangete, sutukesi ya chitsulo, ulendo wina njinga ya Humber, n'kusiya mimba, n'kubwereranso. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu analetsa zolemba anthu kupita kumigodi, ndiye mkulu uja anadzakhazikika pakhomo ndi chifuwa chake. Agogo ankati anapeza zonse zili m'malo mwake: ana atabatizidwa, nkhokwe ziwiri, msonkho wolipira. Sanamusiyire chiwongolero mpaka tsiku lomwe anamwalira.

Musaganize kuti anali munthu wofewa. Pakamwa pawo panali lumo. Ukabwera kuchokera ku Blantyre utavala thalauzi, moni wake unali woti, "Kodi mwabwera ndinu amalume ake a ndani?" Ufa wa mgaiwa ankati ndi wa akaidi. Ndalama ankawerengabe m'mapaundi ngakhale kwacha inabwera mu 1971, ndiye ukawapatsa K2,000 ankaitembenuza uku ndi uku n'kufunsa kuti igula sopo angati. Anali mayi wa Mvano wosajomba, bulauzi yoyera yosita ndi simbi ya makala, koma kabotolo ka fodya wa m'mphuno kankakhala pamfundo ya chitenje, ndipo tonse tinkadziwa kuti abusa akafika sitinaone kanthu. Za riferendamu ya 1993, ngati anaponyera nyali ya zipani zambiri kapena tambala wa chipani chimodzi, anapita nazo kumanda. Munthu amene anaonapo anyamata a Yufi akubweza amayi pachipata cha msika chifukwa cha khadi la chipani sankaulula zotere ngakhale kwa mwana wake.

Ntchito yawo yaikulu, imene ndikuiona bwino tsopano, inali yosunga malire. Kwathu munda umayenda ndi ana aakazi, ndipo agogo ankadziwa kuti kuyambira pachulu mpaka pamtengo wa mango a maboloma ndi pa mayi aang'ono, kutsetserekera kudimba ndi pa mayi anga. Palibe pepala lililonse. Amalume, amene ndi mwini mbumba, ankaweruza milandu pakhonde, koma chigamulo chinkakhala chitaphikidwa kale kukhitchini usiku wake. Mabanja angapo amene ankhoswe anali atawalephera anakonzedwa ndi agogo, mwina ndi mawu awiri okha, mwina pongomutuma mkamwini kukafolera nkhokwe mpaka mtima wake utsike.

Pamaliro amayi a Mvano anaimba usiku wonse, anthu anadzaza mpaka kumsewu, ndipo chimanga chomwe tinaphikira anamalira chinachokera m'nkhokwe yawo yomwe. Tsiku losesa tinapeza matumba atatu a gaga wa chaka chino, osokedwa bwinobwino. Mayi aang'ono atenga awiri, limodzi tapatsa amayi oyandikana nafe amene ankawatungira madzi.

Za chiliza tagwirizana kuti tisonkhe tikakolola; a ku Johannesburg ndi a ku Lilongwe azitumiza pafoni kwa amalume. Nkhani ya dimba ndiye yavuta kale. Msuweni wanga wina akuti agogo anamulonjeza mbali ya kumtsinje, mayi anga akuti sanamvepo zimenezo, ndipo amfumu atiuza kuti tikakhale pansi Loweruka likubwerali.